Karenti Yosochera pa Coax: Kupanga Choke ndi Kuiyesa

Tsiku limene maikolofoni inandiluma pamlomo ndinali kuulutsa pa wailesi yanga yolankhulirana ndi anzathu akutali, pa bandi ya mamita 20 (14 MHz), ndi mawati 100 okha. Ndinali nditangokweza dipole yatsopano, eriyo ya mawaya awiri otambasuka ngati manja, pakati pa mtengo wa mango ndi nsungwi yaitali imene ndinamangirira pakona ya nyumba. SWR, nambala yoonetsa ngati eriyo ikulandira bwino mphamvu (ikayandikira 1 ndiye bwino), inali pa 1.3, mtima uli m'malo. Nditangoti ndiyankhe mnzathu wina wa ku South Africa, kachitsulo ka pamaikolofoni kanandibaya ngati mavu. Kubalaza nako sipika ya TV inkabwereza mawu anga ngati munthu wolankhulira m'chidebe, ndipo mayi a kunyumba anafuula kuti, "Bambo a mwana, mwalowanso mu TV muno!"

Ndinataya milungu ingapo ndikudula ndi kulumikiza mawaya a eriyo, poganiza kuti vuto lili pa SWR. Silinali pamenepo. SWR imangokuuzani zimene zikuchitika mkati mwa coax, nthambo yochoka pa wailesi kupita ku eriyo, pomwe chimene chinkandiluma chinkayenda kunja kwake.

Coax mukaisenda mumaona zitsulo ziwiri: waya wapakati ndi ukonde womuzungulira. Koma kwa karenti ya wailesi njira zilipo zitatu. Karenti ya frequency yokwera simalowa mkati mwa chitsulo, imangoyenda pakhungu. Pa 14 MHz, mu kopa, khungu limeneli ndi lopyapyala kuposa tsitsi limodzi. Ndiye ukonde uja, ngakhale ndi chitsulo chimodzi, uli ndi misewu iwiri yosaonana, wamkati ndi wakunja. Mphamvu yochokera mu wailesi imakwera pa waya wapakati ndi pa msewu wamkati. Ikafika pamwamba, pamene coax yathera, karenti ya mu ukonde imapeza mphambano: kulowa mu dzanja la dipole, kapena kukhota n'kutsika ndi msewu wakunja kubwerera kunyumba. Amene anathirirapo dimba ndi ngalande akudziwa zimene madzi amachita akapeza una wa mfuko. Ena amapitirira kumbewu, ena amalowa muunamo. Karenti imachitanso chimodzimodzi, ndipo coax yanu yonse, wailesi, kompyuta ndi mawaya a magetsi a m'nyumba zimasanduka mbali ya eriyo. Walter Maxwell, amene chizindikiro chake cha pa wailesi chinali W2DU, analongosola bwino zimenezi m'magazini ya QST mu 1983, ndipo mpaka lero choke (chotchinga karenti yakunjayi) ya timikanda 50 ta ferrite (dothi lowotcha lokoka maginito) tovekedwa pa coax imatchedwa ndi chizindikiro chake.

Msewu wakunjawu ndi wopita ndi kubwera. Mukamaulutsa umabweretsa mphamvu m'nyumba. Mukamamvetsera umatola phokoso la ma inverter a sola, mababu a LED ndi matchaja a foni, n'kulikweza mpaka pa eriyo, kumene limalowa mkati mwa coax n'kutsikira mu wailesi yanu. Choncho ngakhale inu amene mumangomvetsera, mulibe chiphaso choulutsira cha MACRA ku Malawi kapena ZICTA ku Zambia, nkhaniyi ndi yanunso.

Ntchito ya choke ndi kutseka msewu wakunjawo osakhudza yamkati iwiri ija. Dzinali musalisokoneze ndi choke ya machubu a magetsi imene amisiri a mawaya amaidziwa. Yathuyi ndi coax yomweyo, yathunthu, yokulungidwa pa mphete ya ferrite. Makarenti awiri amkati ndi ofanana kukula koma amayenda mosemphana, motero maginito awo amafafanizana ndipo ferrite siwaona n'komwe. Karenti yakunja ilibe mnzake woifafaniza, ndiye imagunda khoma la ma ohm masauzande.

Choyamba, gwirani karenti yosocherayo

Musagule kanthu musanatsimikize. Zizindikiro zina n'zoonekeratu: maikolofoni yoluma, kompyuta yotaya USB mukangoyamba kuulutsa pa FT8 (njira yotumizirana mauthenga ndi kompyuta), mawu anu kumveka ogwedera, sipika kulira. Chizindikiro china n'chobisika. Tsitsani mphamvu pa mawati 5, yang'anani SWR, kenako onjezani coax ya mamita awiri kapena atatu n'kuyang'ananso. Coax yabwino imene kunja kwake kulibe karenti siyenera kusintha SWR modumpha. Ikadumpha kuchoka pa 1.3 kufika pa 1.8, kapena ikamasuntha mukangogwira coax ndi dzanja kapena kuisendeza pansi, kayikirani msewu wakunja.

Koma umboni weniweni ndi kuiyeza karentiyo, ndipo choyezera chake mutha kupanga madzulo amodzi. Pezani ferrite yotseguka pakati, ija imatsekeka ngati chomangira zovala pachingwe, ya bowo lokwana coax yanu. Pa theka limodzi kulungani kawaya kakang'ono kokutidwa ka 10. Kunsonga ziwiri za kawayako lumikizani resistor ya ma ohm 47. Kuchokera pamenepo ikani diode ya 1N5711 kapena 1N34A, kenako capacitor ya 10 nF, ndipo pa capacitor imeneyo ndi pamene mulumikize multimeter yoikidwa pa DC. Popeza mwakulunga ka 10, karenti ya 100 mA pa coax imapereka 10 mA mu resistor, ndiye muwerenga pafupifupi theka la volt. Mawaya opita ku multimeter akhale afupiafupi, chifukwa ma multimeter otchipa a manambala amapenga akakhala pafupi ndi mphamvu ya wailesi. Ya singano imapirira bwino.

Tsekerani choyezeracho pa coax, ulutsani ndi mphamvu yochepa pa frequency yopanda anthu, lembani nambala. Musayeze malo amodzi okha. Karenti yakunja imakhala yambiri pena n'kuchepa pena. Pa bandi ya mamita 20, kuchoka pamene yachuluka kufika pamene yachepetsetsa ndi pafupifupi mamita 5. Mutha kuyeza pakhomo la chipinda n'kupeza ziro, mtima n'kukhala pansi, pomwe panja pa windo ikusefukira. Ine ndimaika chizindikiro cha tepi malo anayi kapena asanu kuti pobwereza ndidzayeze pomwepo.

Chachiwiri, mphete yoyenera

Apa ndi pamene ambiri timagwera, ndiye ndichedwapo.

Mphete zonse zakuda sizofanana. Imene ambiri amagwiritsa ntchito pa HF (mabandi a short wave, mpaka 30 MHz) ndi ya saizi yotchedwa FT240, yotambalala mamilimita 61 kunja ndi bowo la pafupifupi 35, ngati chibangili cha mwana. Nambala yotsatira ndiyo imanena mtundu wa dothi lake, titero. FT240-31 imagwira bwino kuyambira mabandi apansi, 1.8 ndi 3.5 MHz, mpaka kumtunda. FT240-43 imakonda kumtunda, 14 mpaka 28 MHz, ngakhale pa 7 MHz imathandizabe mukakulunga kambiri. Ngati ndalama ikukwana mphete imodzi yokha ndipo mumakhalitsa pa mamita 40 ndi 20 (7 ndi 14 MHz), ine ndingatenge 31. Mitundu iwiriyi imapangidwa ndi kampani ya ku America ya Fair-Rite, ndipo poitanitsa pa intaneti kapena potuma m'bale wa ku Joni kapena ku UK mupatseni nambala yeniyeni: 2631803802 ndiyo 31, pomwe 5943003801 ndiyo 43. Zikafika zilembeni pomwepo ndi penti, chifukwa zilibe chizindikiro ndipo m'maso zimafanana ngati mapasa.

Mphete zopaka penti yowala muzisamala nazo. Yofiira ija, T200-2, ndi ya ufa wachitsulo, si ferrite. Ndi yabwino pa matyuna ndi pa zosefera, koma pa choke ndi chabe. Mukaikulunga ka 12 imangopereka ma ohm osakwana 80 pa 7 MHz, pomwe tikufuna masauzande. Timphete tachikasu ndi toyera ta m'mapawa saplayi a kompyuta natonso ndi ta ufa wachitsulo. Musavutike nato.

Muli ndi mphete yosadziwika, mwina yotola m'TV yakale kapena yogula kwa wogulitsa amene simukumukhulupirira? Kulungani waya wamba ka 10 n'kuyeza ndi mita ya LCR, yoyezera makoilo mu ma µH. Pa saizi ya FT240, mtundu wa 43 umapereka pafupifupi 110 µH, wa 31 pafupifupi 200 µH, pomwe yofiira ija imapereka kupitirira pang'ono 1 µH basi. Manambala a ferrite amatha kusiyana ndi gawo limodzi mwa magawo asanu, koma kusiyana kwa mitunduyi n'kwakukulu moti simungasokoneze.

Nanga timaferrite totsekeka tija, kapena zotupa za pa nthambo za VGA? Kamodzi kokha pa coax, pa HF, kamapereka ma ohm makumi angapo, mwina kufika 100. N'chifukwa chake W2DU anafunika timikanda 50. Ubwino wokulunga ndi woti mphamvu yotchinga imakwera mowirikiza: kulowetsa kawiri kumapereka kanayi, kulowetsa ka 10 kumapereka pafupifupi ka 100. Mphete imodzi yokulungidwa bwino imaposa thumba lonse la timikanda.

Padzapezeka wina wokuuzani kuti musataye ndalama, ingopindani coax ngati nkhata, kapena muikulunge pa paipi ya PVC ya mamilimita 110. Anzathu olankhula Chingerezi amaitcha ugly balun, ndipo nane ndinayamba ndi yomweyo. Sindinganene kuti sigwira ntchito. Imagwira, koma pa bandi imodzi kapena ziwiri zoyandikana ndi pamene yachita resonance, kutanthauza frequency imene imatchinga kwambiri. Kunja kwa pamenepo kutchinga kwake ndi reactance yokhayokha (kutchinga kongobweza mphamvu, osaidya), ndipo reactance imeneyo itha kufafanizana ndi ya coax yanu, karenti n'kuchuluka kuposa poyamba. Ferrite ya 31 kapena 43 imatchinga makamaka ndi resistance, imene palibe kutalika kwa coax kungaifafanize. Pa eriyo ya bandi imodzi, muli ndi choyezera m'manja, nkhata ndi yololeka. Pa eriyo ya mabandi ambiri ndi juga.

Chachitatu, coax yokulungira

Yabwino koposa ndi RG-400, ya mamilimita 5, imene mkati mwake muli PTFE yosasungunuka ndi kutentha wamba. Ndi yodula, koma mukungofuna mita imodzi ndi theka. Pa mawati 100, RG-58 ya pulasitiki yolimba mkati imakwanira. Pewani coax ya thovu mkati, monga RG-8X kapena RG-6 ya madishi a TV. Mukaipinda kwambiri, dzuwa la mu Okutobala n'kuiwomba, waya wapakati amasendera pang'onopang'ono m'thovumo mpaka kukhudza ukonde. RG-213 ndi yonenepa kwambiri, mamilimita 10, singapindike pa mphete imeneyi.

Musanagule RG-58 pamsika, sendani kansonga n'kupala ukonde ndi mpeni. Ukayera mkati ngati siliva pomwe kunja unali wofiirira, ndi aluminiyamu wopaka kopa. Solder sagwira bwino pamenepo, ndipo chinyezi chikalowa umafumbutuka.

Chachinayi, kukulunga

Dulani mita imodzi ndi theka, ndipo mapulagi a kunsonga za coax, a PL-259, musawotcherere kaye, chifukwa bowo likayamba kudzaza sangadutsenso. Siyani nsonga ya masentimita 15, imangeni pa mphete ndi kachingwe ka pulasitiki kokoka, kenako yambani kulowetsa.

Kuwerenga kwake ndi uku: nthawi iliyonse imene coax yadutsa pabowo, ndi kamodzi. Osawerenga mizere ya kunja, mudzaphonya ndi imodzi. Pa FT240-31, poyambira pabwino ndi apa: ka 16 ngati mumakhala pa mamita 80, ka 14 pa mamita 40, ka 12 kapena 13 pa mamita 20, ka 10 pa mamita 10. Pa eriyo ya mabandi angapo tengani chapakati, ka 12 kapena 13. Mwaona kuti frequency ikamakwera timachepetsa. Mizere yoyandikana imachita ngati capacitor yaing'ono, ndipo pa frequency yokwera karenti imangodumphira pamenepo osazungulira mphete. Kuchulukitsa sikuti nthawi zonse ndi kukonza.

Kulungani motsatana, mzere uliwonse pambali pa unzake, osakwerana. Mkati mwa bowo mizere ikhudzane, kunja itayane mofanana. Kokani mokwanira kuti isagwedere, koma musaiumirize kuti igone pa ngodya za mphete. Isiyeni ipinde mozungulira, chala chaching'ono chizitsala pang'ono kulowa pansi pake. Nsonga yoyamba ndi yomaliza zisayandikane, pakhale mpata.

Pali kakulungidwe kena kotchedwa ndi chizindikiro cha Joe Reisert, W1JR: mukafika theka, mumadutsa pabowo kupita tsidya lina n'kupitiriza kumeneko. Phindu lake lalikulu ndi loti nsonga ziwiri zimatulukira mbali zosiyana, zimene zimathandiza poika m'bokosi. Kuwoloka kumeneko nakonso kumawerengedwa ngati kamodzi. Pa katchingidwe sindinaonepo kusiyana koti n'kusowa nako tulo.

Ferrite ndi yosweka ngati mbale yadothi. Gwirirani ntchito pamphasa kapena pa tebulo loyala nsalu, osati pa simenti.

Chachisanu, yesani isanakwere

Ngati inu kapena mnzanu muli ndi NanoVNA, kachida koyezera ma eriyo ndi ma choke, mphindi khumi zikupulumutsani kukwera mtengo kawiri. Konzani timawaya tiwiri tafupiafupi ta pa masoketi ake awiri, CH0 ndi CH1, chitani calibration kuyambira 1 mpaka 30 MHz, ndipo pofika pa thru gwiritsani ntchito timawaya tomweto. Tsopano lumikizani ukonde wa nsonga imodzi ya choke ku phini yapakati ya CH0, ukonde wa nsonga inayo ku phini yapakati ya CH1. Waya wapakati wa coax musiyeni osalumikiza, si amene tikumuyeza. Zikopa zakunja za CH0 ndi CH1 zilumikizane ndi kawaya kafupi. Choke igone pa katoni kapena pa thabwa louma, kutali ndi zitsulo ndi manja anu.

Yang'anani S21 pa LOGMAG, muyeso wa mphamvu yodutsa kuchoka ku CH0 kupita ku CH1, mu ma dB. Moyerekeza, -20 dB ndi ma ohm 900, -25 dB ndi 1,700, -30 dB ndi 3,000, ndipo -34 dB ndi pafupifupi 5,000. Kale anthu ankakhutira ndi 500 kapena 1,000. Jim Brown, K9YC, amene wayeza ma choke ambiri, amalimbikitsa 5,000, makamaka kwa oulutsa ndi mphamvu yaikulu kapena a ma eriyo opendekera mbali imodzi. Pa dipole wamba ndi mawati 100, ine ndikaona -30 dB pa mabandi anga ndimatseka bokosi. Ngati chigwa cha mzere wa pa sikirini ya NanoVNA chili pansi pa bandi yanu, chotsani kamodzi kapena kawiri. Chikakhala pamwamba, onjezani.

Kenako iyeseni ngati coax wamba: dummy load (resistor yoimira eriyo) ya ma ohm 50 kunsonga imodzi, SWR kunsonga inayo. Iyenera kukhala pafupi ndi 1.0 mabandi onse. Ikapanda kutero, mwina pulagi simunawotcherere bwino kapena mwapinda mopitirira.

Chachisanu ndi chimodzi, malo ake

Pa dipole ndi pa Yagi (eriyo yolunjika mbali imodzi), choke yoyamba ikhale pamwamba penipeni pamene coax ikumana ndi eriyo. Ndi pamene pali una wa mfuko uja. Kuiika pansi pokha, kuseri kwa wailesi, kumachotsa kuluma kwa maikolofoni, koma coax yonse yokwera mumtengo imakhalabe ikuulutsa ndi kutola phokoso. Kuchokera pa eriyo coax itsike choongoka kwa mtunda ndithu. Ikayenda mopingasa pansi pa dzanja limodzi la dipole imatolanso karenti kudzera mumlengalenga, choke ili pomwepo.

Eriyo ya end-fed, ya waya umodzi wolumikizidwa kunsonga kudzera mu transformer ya 49:1, ndi nkhani ina. Imeneyo imafuna kanjira kobwerera, ndipo kawirikawiri kunja kwa coax ndi kumene kumagwira ntchitoyo. Mukamata choke pa transformer penipeni popanda waya wa counterpoise wopereka njira yobwererayo, SWR imasokonekera ndipo choke imatentha. Siyani coax ya pafupifupi magawo 5 pa 100 a wavelength pakati pa transformer ndi choke. Pa mamita 40 amenewo ndi mamita awiri. Pa vertical (eriyo yoimirira) ya ma radial (mawaya a patsinde pake) ochepa, choke ikhale patsinde, apo ayi coax imasanduka radial yoonjezera.

Choke yachiwiri ikhale pamene coax ikulowa m'nyumba. Yoyamba ikakwera, bwererani pa zizindikiro za tepi zija ndi choyezera chanu, mphamvu yomweyo, frequency yomweyo. Ngati manambala agwa ponseponse, yachiwiri mwina simukuifuna. Ngati pafupi ndi nyumba ikadalipo, kapena phokoso silinatsike, ikani. Kwathu yoyamba inathetsa za maikolofoni ndi TV, koma phokoso la pa mamita 40 linatsika nditaika yachiwiri pa windo. Muli ndi njira yosavuta yodziwira ngati phokosolo ndi la m'nyumba mwanu: yendetsani wailesi pa batire, zimitsani main switch pamodzi ndi inverter, muone singano ya S, yoonetsa mphamvu ya zimene wailesi ikulandira. Phokoso limene eriyo yeniyeniyo ikutola kwa aneba, choke singalichotse.

Musadabwe SWR ikasintha choke itakwera, ngakhale kuipirako. Poyamba coax inali mbali ya eriyo, ndipo inkabisa kutalika kwenikweni kwa mawaya anu. Tsopano mukuona eriyo yokhayokha. Konzani kutalika kwa manja ake, osachotsa choke.

Kutentha ndi mvula

Choke yofooka ndi imene imatentha. Tiyerekeze kuti pakati pa nsonga zake pali ma volt 100. Ikakhala ya ma ohm 1,000 imadya mawati 10, ikakhala ya 5,000 imadya awiri okha. Mawati 10 mu kabokosi kotseka, padzuwa, si masewera, ndipo ferrite ya 31 kapena 43 ikapitirira madigiri 130 imataya mphamvu yake ya maginito mpaka itazizira. RG-58 imakhala itafewa kale isanafike pamenepo. Chizindikiro chake ndi SWR yoyamba bwino kenako n'kumakwera pang'onopang'ono mukamaulutsa, makamaka pa FT8 imene imatulutsa mphamvu yonse kwa masekondi pafupifupi 13 osapuma. Eriyo isanakwere pamwamba penipeni, ulutsani kwa mphindi imodzi kapena ziwiri, lekani, kenako gwirani mpheteyo. Kufunda pang'ono palibe vuto. Ikakuotchani, choke ndi yofooka pa bandi imeneyo kapena eriyo yapendekera kwambiri. Musaigwire wina akuulutsa.

Bokosi likhale la pulasitiki, loyera kapena lotuwa, ngati aja a amisiri a magetsi olumikiziramo mawaya panja. Lakuda limamwa dzuwa. Musathiremo guluu kapena utomoni kuti mudzaze, kutentha kumasowa kothawira. Kulemera kwa bokosi kunyamulidwe ndi chingwe, osati ndi mapulagi. Pa PL-259 kulungani tepi ya labala yomatana yokha, pamwamba pake tepi wamba ya magetsi yoteteza kudzuwa, ndipo coax isanalowe m'bokosi kapena m'nyumba itsike kaye pang'ono n'kukweranso kuti madzi azidonthera pansi.

Choke siteteza ku mphenzi. Mitambo ikayamba kuda mu Novembala, masulani coax ku wailesi n'kuitulutsa panja monga mwa nthawi zonse.

Pansi pa bokosi boolani timabowo tiwiri totulutsira chinyezi, chifukwa bokosi lotsekeratu limachita thukuta mkati usiku. Timabowoto tisapitirire mamilimita awiri. Langa loyamba ndinaboola ndi chitsulo cha mamilimita 6, ndipo nditalitsitsa mvula itatha ndinapeza mavu atamanga nyumba yadothi pakati penipeni pa mphete, dothilo litanyowa n'kugwira mapulagi onse awiri.